Ndevu za adadi ndi Kanyanga

Pali chinthu chimene Chete anali asanauzepo munthu: tsiku limene bambo ake anabwera kuchokera kuchipatala mwendo uli m'chikhakha, iye mumtima anakondwa. Si nkhanza ayi. Bambowo anali dalaivala wa mabasi a mtunda wautali, ndipo pakhomo ankadziwika ndi nsapato zawo pakhonde ndi mkonono wawo kuchipinda. Tsopano anali pa sofa, mwendo atausanjika pa kampando, alibe kothawira.

Dzina loti Chete anamupatsa ndi amalume ake, ometa tsitsi, chifukwa mawu ake ankatuluka mochita kukoka. Koma pa kamakina kake ka masewera, momwe munthu amagwira tizilombo, kutilera n'kumatimenyanitsa ndi ta anzake, mtsikanayu anali katswiri. Bambo ake atatopa ndi wailesi, anayamba kusuzumira.

"Kameneko n'kachiyani, kokhala ngati khoswe wodwala?"

"Kali ndi ululu kunyangako, adadi. Kakabaya, mdani amafooka pang'onopang'ono mpaka kugwa."

"Tabweretsa kuno."

Anawapatsa kawokawo, kongoswa kumene m'dzira, iwo n'kukatcha Kanyanga. Kuyambira pamenepo, Chete akaweruka kusukulu ankakhala pambali pawo, iwo akudina mabatani ndi zala zozolowera chiwongolero, uku akukalipira Kanyanga ngati kondakitala waulesi. Chete sankayankhula zambiri, koma masana amenewo sakanawasinthanitsa ndi chilichonse.

Zinthu zinasokonekera amalume atabwera kudzayepula ndevu za alamu awo. Ndevuzo zinali chuma cha bamboyo: ankazipesa asanasambe m'maso. Amalumewo nawonso anali kadaulo wa masewerawa, ndipo atasuzumira anaseka mpaka kugwetsa chipeso.

"Alamu, chimenechi ndiye chilombo chanu? Kangathe kuopseza nkhuku kameneka?"

"Bwerani Loweruka ndi chanucho. Mukagonja, muzindikanda mwendo m'chikhakhamu mpaka adzachichotse."

"Nanga mukagonja inu?"

"Ndevuzi mumete zonse. Ndipo masewera a anawa ndisiyiretu."

Mawu omalizawo anamulasa Chete pamtima, koma monga mwa dzina lake, anangoyang'ana pansi.

M'masewerawo munali mwala wina wosowa, woti ukaukhudzitsa kachilombo, kamakula pompo n'kukhala chimphona. Chete anali nawo umodzi wokha. Bambo ake atangoumva, tulo tinawathera.

"Adadi, kakakula ndi mwala kamasiya kuphunzira. Kubaya ndi ululu sikanafikepo. Tikalere kaye pang'ono."

"Iwe, basi ndi kagalimoto zikawombana, chimaphwanyika n'chiti?"

"Koma izi si basi…"

"Ine ndinayamba kuyendetsa iwe usanabadwe."

Chete sanaone kuti kuyendetsa kukubwera bwanji pankhaniyi. Ndiye nyimbo inayamba. Akudya, mwala. Akulemba ntchito ya kusukulu, ndodo ikugogoda mwendo wa tebulo: mwala. Ngakhale ali kubafa ankamva mawu akudutsa pachitseko: "Chete! Nkhani ya mwala ija waiganizira?" Anayesa kuwafotokozera ndi zala, anayesa kuwajambulira papepala. Iwo ankagwedeza mutu ngati akumva, akamaliza n'kufunsa kuti, "Ndiye batani la mwala ndi liti?"

Amayi ake, amene ankasita zovala pakona, anaika simbi pansi.

"Apatse."

"Amayi, Kanyanga kawonongeka. Sikabwereranso."

"Ndati apatse, makutu athu apume. Ndakhala nawo zaka zambiri anthu amenewa. Samva za m'kamwa, amamva za m'maso."

Chete anawapatsa. Kamakinako kanathwanima, ndipo pomwe panali kakhoswe paja panaima chimphona cha minga kumsana, mchira ngati mtengo, nyanga yosongoka ngati mkondo. Bamboyo anakuwa mpaka anansi anasuzumira pawindo.

"Mwaona? Basi imeneyo! Alamu akagule mafuta okandira!"

Loweruka amalume anafika makina ometera ali kale m'thumba. Chilombo chawo chinali chozungulira, cha chigoba cholimba, chaulesi, chongodziwa kubisa mutu ndi kudzipoletsa mabala. Chete atachiona anatseka maso. Chotere sichigwa ndi zibakera, chimagwa ndi ululu basi.

Chimphona chinalumpha, chinakanda chigoba. Palibe chinachitika. Chinatuzula maso moopseza. Chachigoba chija chinangoyasamula.

"Baya! Baya, chitsiru iwe! Chete, ululu uja uli pati?"

"Palibe, adadi."

"Palibe bwanji? Nyanga yonseyi?"

"Ndi yokongoletsa, alamu," anatero amalume. "Ngati ndevu zanuzo."

Chimphona chinakanda mpaka kutopa, ndipo chachigoba chinkangochigunda pang'onopang'ono, mopanda changu, mpaka chinagwa chagada. Amalume sanachedwe. Anawakulunga nsalu m'khosi, makina n'kulira. Ndevu zinagwera pachikhakha ngati udzu wosenga, pansi pake n'kutuluka kachibwano kakang'ono, kotuwa, kamanyazi. Amayi anathawira kukhitchini, koma kuseka kwawo kunkamveka ndithu.

Amalume atapita, bamboyo anakankhira kamakinako kumapeto kwa tebulo.

"Chotsa. Masewera abodza. Tandiyatsira wailesi."

Chete anaimirira, anafika pa wailesi, koma dzanja linakana. Anatembenukira bambo ake.

"Si abodza! Inu simumva, adadi! Mumafunsa, munthu asanayankhe mwayankha kale nokha. Ndinakuuzani, ndinakujambulirani, mwala wanga umodzi womwewo mwauwononga. Ndiye pano mukufuna mubwerere ku wailesi, ine ndizikhalanso ndekha ngati kale? Mwendowo ukapola mupita. Ine ndimafuna tizisewerabe!"

 Ngakhale kukhitchini kuseka kunaduka. Bamboyo anakweza dzanja kuti apese ndevu, napeza chibwano chokha. Anachisisita nthawi yaitali, akumuyang'ana mwana wawo ngati mlendo amene wangolowa.

"Kodi mawu onsewa umawasunga kuti?" Anakhosomola. "Dzira lina lilipo?"

"Lilipo."

"Khala pansi. Ulendo uno woyendetsa ndiwe."

Chete anakhala, natsegula kamakinako. Dzira linasweka, kakhoswe kena ka nyanga n'kutulukamo. Bamboyo anakayang'anitsitsa, kenako anatsitsa mawu kuti akukhitchini asamve.

"Nanga mwala wina ungapezeke kuti?"

Chete anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Akuluakulu sananame: mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha m'manja. Chimene sananene n'chakuti ana ena amakhala ndi ndevu, ndipo ikafota amaliriranso ina.