Mtchona Wosadziwa Maliro Akwawo

Panali munthu wina wa ku Ntchisi amene ankaphika m'sitima yapamadzi yonyamula katundu. Anachoka kwawo tsitsi lili bii. Anayenda zaka khumi ndi ziwiri, dziko n'kulizungulira ngati mbuzi pachikhomo. Kenako mawondo anayamba kudandaula, ndipo anati basi, ndikapume kwathu.

Sitima inamutsitsa ku Beira. Anakhala padepoti kudikira basi, masutikesi awiri ali pambali, dzuwa likuswa mtengo. Pamenepo mtima unabwerera m'mbuyo. Anakumbukira dziko limene madzi amauma ndi kuzizira, anthu n'kumayenda pamwamba pake. Anakumbukira mzinda umene nyumba zake zimabisa dzuwa. Anakumbukiranso chimphepo chimene chinagubuduza mapoto ake onse, iye n'kupemphera m'Chichewa koyamba patapita zaka. Anadziuza kuti wayenda, ndipo sankanama. Ndingamutsutse bwanji ine amene ndimachita chizungulire m'minibasi ya ku Dowa?

Pafupi naye panakhala mayi wina wa ku Dedza, wogula nsomba zouma zokagulitsa kwawo. Munthu uja atamva Chichewa, pakamwa panamasuka. Anatchula madoko onse mwa ndondomeko, osaphonya ndi limodzi lomwe. Anatulutsanso jekete laubweya limene anagulira malume ake, amene anamulera bambo ake atamwalira.

Mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Zikomo bambo, mwaonadi zambiri. Nanga kumudzi akupitani maliro angati?"

Munthu uja sankadziwa. Nambala yake ya foni inkasintha padoko lililonse, ndipo kunena zoona, iye mwini analeka kufunsa. Ankaopa kumva zopweteka ali pakati pa nyanja.

"Musakalowe m'mudzi chotero," anatero mayi uja. "Mukakafunsa namfedwa kuti abambo ali bwanji, mukamuliritsa kachiwiri. Wochokera kutali amayamba wapepesa, nkhani zaulendo pambuyo."

Mayi uja anamubwereka foni. Munthu uja anapeza nambala ya mlongo wake Nasikelo pakapepala kamene kanali m'pasipoti, n'kuimba. Atalonjerana, anati, "Mlongo wanga, nditchulire onse amene anatisiya. Uyambire nyumba ya kumsewu, uzitsika nazo mpaka kudambo."

Nasikelo anayamba. A Gomonda osula makasu. Nangozo ndi khanda lake. Mnzake wa munthu uja amene ankaweta naye mbuzi ali ana. Atafika nyumba yachisanu ndi chiwiri, Nasikelo analeka kutchula.

"Pitiriza."

"Achimwene, apa m'pa malume. Chino n'chaka chachitatu. Ankakufunsani mpaka tsiku lomaliza."

Mayina onse anakwana khumi ndi asanu ndi anayi. Munthu uja analira padepoti pomwepo, jekete lili pamiyendo, anthu achilendo akumuyang'ana. Ine nkhaniyi imandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikafika pamenepa.

Basi itanyamuka, sanayang'anenso pawindo. Njira yonse ankabwereza mayina aja, nyumba ndi nyumba, kuti asakalumphe khomo. Atafika anasiya masutikesi kwa mlongo wake osatsegula. Anayambira kumsewu. Pakhomo lililonse ankakhala pansi n'kunena kuti, "Pepani, ndinali kutali, ndamva mochedwa." Zinamutengera masiku anayi. Tsiku lachisanu lake akuluakulu anamuperekeza kumanda. Za nyanja palibe amene anamva sabata imeneyo.

Tsono inu achinyamata amene mapasipoti akukuyabwani m'thumba, pitani, sindikukuletsani. Kaoneni dziko, n'lalikulu ndipo n'lokongola. Koma mudzi suima chilili kudikira inu. Mukaimba foni, musamangofunsa ngati mvula yagwa. Funsani amene wagona pamphasa, funsani amene watisiya, ngakhale yankho likhale lowawa. Maliro n'kulirana, ndipo kutali si chifukwa chokhalira osadziwa.

Munthu uja anthu anamulandira, pakuti anthu akwathu sachedwa kukhululuka. Koma amene ankalakalaka kumva mawu ake kuposa onse sanawamve. Nanunso muli naye wina amene akukufunsani lero. Muimbireni akadali wotha kuyankha.