Chipinda Chimene Anawayeretsera Amayi

Amayi atayamba kudwaladwala, ana awo anagwirizana kuti azikakhala kwa mwana woyamba, poti ndiye anali ndi nyumba yaikulu. Iye anavomera msangamsanga pamaso pa abale, koma chipinda chimene anawasankhira chinali chakumbuyo, mosungira zinthu zakutha. Khoma lake linali bii ndi chuku, penti yakale itatupa ngati matuza.

Anagula thumba la simenti yoyera naitana mmisiri kuti apake. Mmisiriyo anagogoda khomalo, analikanda ndi chikhadabo, n'kupukusa mutu. Anati paipi ya kubafa ikudonthera m'kati, ndipo simenti singagwire pa penti yoyoyoka. Pankafunika kukonza kaye paipiyo, kupala khoma lonse, kenako kudikira kuti liume.

"Bambo, ndakuitanani kudzapaka, osati kudzandiphunzitsa," anatero mwini nyumba. "Abale anga akubwera Loweruka. Adzaone kuyera basi."

Mmisiri analongedza zida zake nachoka. Panapezeka wina wosafunsa mafunso, ndipo tsiku limodzi lokha chipinda chinayera mbee. Abale atafika anam'tamanda kuti uku ndiye kubala, iye n'kumangomwetulira.

Koma chinyezi sichinyengereredwa. Mwezi usanathe simenti ija inafufuma, zibenthu n'kumagwera pabulangeti la amayi. Zovala zawo zinayamba fungo, chifuwa chinawagwira. Iwo sanadandaule poopa kuchititsa manyazi mwana wawo. Ankasesa okha zibenthuzo n'kuzikankhira pansi pa bedi. Mwanayo ankawamva akutsokomola, ndipo chifukwa chake ankachidziwa bwino lomwe. Chimene anachita n'kuuza mkazi wake kuti kukabwera alendo azitseka chitseko cha chipindacho.

Tsiku lina mlongo wake wamng'ono anangotulukira osanena. Anapeza amayi akupuma mobanika, matiresi atazizira ngati anyowa ndi mvula. Atapala khoma ndi kiyi, kuda konse kuja kunaonekera.

"Achimwene," anatero mlongoyo, "ngakhale galu wanu simungamugoneke muno. Ndiye mwaona kuti woyenera muno ndi mayi amene anakuberekani kumsana?"

Amayi anakagonekedwa kuchipatala sabata ziwiri, ndipo atatuluka anapempha okha kuti apite kwa mwana wawo wamkazi, m'kanyumba kosapaka n'komwe, koma kouma. Abale amene anam'tamanda aja anadziwa mochedwa kuti anayamikira khoma ndi mwini wake yemwe asanayang'ane kuseri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.