Zakeyu ndi Nkhokwe ya Apongozi

Ananu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu udabadwira kuchikamwini.

Padali bambo wina dzina lake Zakeyu, munthu wofatsa monyanya, woti ukamuponda phazi amapepesa ndiye. Impso zake zitasiya kugwira ntchito, mlamu wake Chimwaza, mlongo wa mkazi wake, adampatsa imodzi, madokotala nkumuika bwinobwino. Pomutulutsa m'chipatala adamlangiza kuti mankhwala othandiza thupi kulandira impso yachilendoyo amafooketsanso chitetezo cha m'thupi. Choncho asamayandikire fumbi la chuku, poti kwa munthu wotere likalowa m'mapapo limamera ngati pa chimanga chonyowa.

Zakeyu adamva ndithu. Koma dzinja litatha, apongozi ake aakazi adatumiza mawu kuti nkhokwe yakale, yomwe idadontha dzinja lonse, ikufunika kupasula. Kumeneko ntchito imeneyi ndi ya mkamwini. Mayiwo za chukuzo sankazidziwa, ndipo akadauzidwa sakadaumiriza.

Mkazi wake, Nachisale, adapempha kuti akawafotokozere yekha amayi akewo.

"Iyayi, amayi a Tadala," adatero Zakeyu. "Anthu andipatsa impso, ine ndikawakanire nkhokwe? Adzandiyesa munthu wanji?"

Adalowa m'nkhokwemo. Fumbi lobiriwira lidangoti kobo! Mbewa zidabalalika, kupatula imodzi yomwe idakakamira kuuna mpaka mtanda udaigwera. Chimwaza, pobwera kumunda, adaiona mbewayo, adaonanso mlamu wake ali mbuu, mtima nkumuwawa.

Posakhalitsa chifuwa chidayamba, thupi nkumatentha. Zakeyu ankakatsokomolera kuseri kwa khola, kuopa kuti mlamu wake angamve kuti mphatso ija waiseweretsa. Pomwe Nachisale ankaona magazi pa kansalu kake nkuthamanga naye kuchipatala, nkuti chuku chitadya kale mapapo. Sadabwereko wamoyo.

Pamaliro, Chimwaza adaimirira atagwira chipsera cha m'nthiti mwake, misozi ili chuchuchu.

"Alamu, impso ndidapereka kuti mukhale ndi moyo, osati kuti muzitiopa. Mukadangoti simungathe, nkhokwe ija ndikadapasula ndine. Mwatisiya ngati mbewa ija."

Kuyambira pamenepo anthu amati, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ulemu ndi wabwino, ananu, koma manyazi okutseka pakamwa pamene moyo uli pachiswe si ulemu ayi. Nenani chokuvutani kukadali nthawi. Okukondani angasankhe kumva "sindingathe" kusiyana ndi kukukumbirani manda.