Mvula Imene Valdemar Adapempha

Ku Ulongwe wa ku Angónia, kumtunda kwa msika kumene msewu umayamba kukwera, kuli nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi mitengo ya mapichesi kuseri. Nyumbayo inali ndi eni awiri, ndipo aliyense akati ndi yanga sankanama. A Natália ankagonamo, kusesa, kuthyola mapichesi n'kukagulitsa pamsika. Valdemar, mphwake wa malemu amuna awo, ankangoidutsa pa mota, njinga yake yamoto, n'kuiloza ndi mlomo pouza amene wamukweza kuti, "Yanga iyo."

Zidayamba ndi a Basilio, mphunzitsi wopuma amene Mulungu sadamupatse mwana. Mwambo wathu mukuudziwa: za malume zimapita kwa mphwake, ndipo mkazi wamasiye akasudzulidwa amamanga mitolo kubwerera kwawo. A Basilio mwambo ankaulemekeza, koma akazi awonso ankawakonda. Tsono akadali ndi mphamvu adatenga a Natália ndi Valdemar kupita nawo kwa notaryo, ku ofesi yolembetsa mapangano mwalamulo, kuti zonse ziwiri zitheke.

Mlembi wa kumeneko adafotokoza mosathamanga. "Nyumba kuyambira lero ndi ya a Valdemar. Koma kukhalamo ndi kudya za pabwalo n'kwa akuluakuluwa mpaka womaliza mwa iwo atatsikira kuli chete. Chimenechi timati uzufrutu. Zokonza zing'onozing'ono n'za wokhalamo. Zikuluzikulu, monga denga kapena khoma, wokhalamo adziwitse mwini."

Valdemar adamva mawu oyambawo, makutu n'kutsekera pomwepo. Mtima unali utayamba kale kugawa zipinda.

Musamuyese munthu woipa. Ankagulitsa kachewere ku Kalomwe, pamalire a dziko, ndipo iye, mkazi wake Marisa ndi ana ankapanikizana m'kachipinda kuseri kwa baraka yogulitsiramo mowa, momwe utsi wa malole unkalowa osaodira. Ana anali pafupi kuyamba sekondale, ndipo nyumba ya amalume ili pafupi ndi sukuluyo. Vuto lake linali limodzi, kupupuluma.

A Basilio atamwalira, maliro ataikidwa, kumeta kutachitika, Valdemar adayamba kudikira mitolo. M'malo momanga mitolo, a Natália adadzala anyezi. Adadikirabe, iwo n'kugula anapiye. Ndiye adayamba kuwayang'anitsitsa akamayenda, ngati munthu woyesa ng'ombe pamsika. Zimene adaona sizidamusangalatse: mayiwo ankakwera chitunda chopita ku Misa akusiya atsikana m'mbuyo. Tsiku lina adawafunsa mwaulemu ngati m'banja mwawo muli matenda.

"Matenda ati? Amayi anga omwe ali gwa ku Lifidzi, dzulo amapalira nyemba."

"Amayi anu? Okuberekani?"

"Nanga ndidachita kuphuka ngati bowa?"

Tsiku limenelo Valdemar chakudya sichidamulowe.

Chakumapeto kwa chilimwe a Natália adamuitanitsa. Adamulowetsa m'chipinda chakuseri, chomwe ankagona a Basilio, n'kugogoda mtanda wa denga ndi mpini wa tsache. Mtanda udayankha ngati ng'oma, fumbi la chiswe n'kuwathothokera pamutu onse awiri.

"Mwanawe, wamva? Misomali ndakhoma ndekha, galasi la zenera ndaika, pansi ndamata. Koma mtandawu ndi malata apamwambawa zandikulira. Ndikukudziwitsa iwe mwini."

"Amayi, wogonamo ndani?"

"Ndine."

"Wodontheredwa adzakhala ndani?"

"Chaka chino ndine. Kutsogoloku sindikudziwa."

Valdemar adati aona, n'kukwera mota. Kwathu kuno munthu akati aona, ndiye kuti watseka maso.

Atafika ku Kalomwe adauza Marisa nzeru imene idamubwerera m'njira. Lamulo likumuletsa kuwatulutsa mayiwo, koma palibe lamulo loletsa mvula. Denga likayamba kudontha adzatuluka okha, iye osawakhudza ngakhale ndi chala.

"Bambo a ana, mvula simusankhira pogwera," adatero Marisa. "Dengalo n'lathu lomwe. Bwanji osangopita kukawapempha chipinda chimodzi cha anawa?"

"Ndipemphe m'nyumba yanga? Iwe, zisiye. Mvula igwira ntchito."

Kuyambira pamenepo Valdemar adasanduka mlimi pa nkhani ya mitambo. Kukada kumwamba, iye nkhope kuwala. Anzake pamalire ankadandaula kuti matumba anyowa, iye akuimba mluzu.

Mvula idabweradi, ndipo ya ku Angónia sichita manyazi. A Natália adatchera ndowa, mabeseni ndi miphika, nyumba n'kumalira ngati mangolongondo. Bedi adalisuntha kuchoka kuchipinda kupita pabalaza. Ndipo m'mawa uliwonse, asanatereke n'komwe madzi a tiyi, ankatenga khasu n'kukatsegula ngalande yakuseri. Nyumbayo ili pamtsetse, ndiye madzi onse ochokera kumtunda amathamangira pakhoma lakumbuyo. Njerwa zake n'zootcha, koma adazimanga ndi dothi, monga ankamangira kale. Ngalande ikatsekeka ndi masamba a mapichesi, madzi amaima patsinde pa khoma.

Adalimbana nayo mvula mpaka chaka chatsopano, kenaka chinyontho chidawalowa m'chifuwa. Adamuitananso Valdemar, nthawi ino pali anansi awiri pakhonde.

"Ndikupita ku Lifidzi ndikaume kwa amayi. Kiyi nayu. Uzibwera kudzataya madzi m'ndowa, ndipo ngalande yakuseri isagone yotseka. Za mtanda ndidanena kale."

Valdemar adawanyamulira chikwama mpaka pokwerera shapa, minibasi ya kwathu kuno, n'kuwalipirira ulendo, n'kuwagulira ndi nthochi zodya m'njira. Anthu adati koma mwanayu ndi waulemu. Shapa itangokhota, adalowa m'baraka n'kugulira mowa anthu osawadziwa.

Apa m'pamene nzeru yake idabala mwana. Adaganiza kuti munthu akachoka panyumba ndiye kuti ufulu wake wautaya, koma pafunika umboni woti aliyense aone ndi maso. Tsono adakhoma loko wake pachitseko, n'kulumbira kuti sakhudza kanthu. Udzu umere, masamba aunjikane, nkhuku apatse anansi, kuti tsiku lokanena kwa notaryo mudzi wonse udzavomereze kuti panyumbapo padasanduka bwinja. Marisa atamukumbutsa za ngalande, adayankha kuti ngalande yotsekayo ndiye mboni yake yoyamba.

Mwezi wa Febuluwale kudagwa mvula ya mvumbi, ija yosadziwa kukata. Ndowa zidadzaza n'kusefukira popanda wozitaya. Madzi akumtunda adapeza ngalande yotseka, n'kukhala pansi patsinde pa khoma ngati alendo odikira chakudya. Dothi la pakati pa njerwa lidafewa. Mtanda wodyedwa ndi chiswe uja udanyowa, kulemera, n'kuthyoka, ndipo pogwa udakankha khoma lomwe linali litatopa kale.

Mnansi adamuimbira foni ali pakati pokweza matumba. "Bwerani mudzaone nyumba yanu, yatsegula khomo lina kuseri."

Adapeza chipinda cha amalume chili pamtetete. Malata adapindika, njerwa zili mbwee mpaka pamitengo ya mapichesi, mbuzi ya eni ake itaima pamwamba pa mulu ikubzikula. Pakhoma lotsala panali pakadali msomali pomwe a Basilio ankapachika chipewa. M'chipinda chimenecho ndi momwe Valdemar, ali mnyamata wa sukulu, ankakhala pamkeka amalume akumuphunzitsa kuwerenga. Adakhala pamulu wa njerwa n'kulira, ndipo kulira kwake kunali kwenikweni.

Koma munthu wouma mutu sachira tsiku limodzi. M'mawa mwake adalawirira kwa notaryo, nsapato zili matope okhaokha. Adapeza mlembi yemwe uja.

"Mayi aja adachoka okha, anansi ndi mboni. Ndiye ufulu wawo watha, eti?"

"Adabwera kuno kudzanena kuti akuusiya?"

"Ayi."

"Amwalira?"

"Aaa, amenewo? Amayi awo omwe akupalira nyemba."

"Ndiye palibe chatha. Kupita kwa amayi ako kukachira chifuwa si kutaya nyumba."

"Koma nyumbayo yagwa mbali imodzi!"

"Adakudziwitsani za denga?"

Valdemar adayang'ana nsapato zake.

"Mbali yotsalayo akhalamo," adapitiriza mlembi. "Mukamanga yagwayo, akhalamonso."

"Nanga ndikapanda kumanga?"

"Madzi aona kale polowera. Chaka chamawa ligwa khoma lina. Tsiku lanu likadzafika mudzalandira chulu, ndipo chidzakhala chanuchanu, palibe wokulandani."

Mvula itakata, mota ija idagulitsidwa kuti papezeke malata ndi matabwa. Ndalama za aganyu panalibe, tsono Valdemar adakumba yekha nkhuti kuseri kwa nyumba, kuthiramo madzi, kupinda buluku n'kuyamba kuponda dothi la njerwa. Marisa ankatunga madzi, ndipo ngakhale anali ndi mawu ambiri oti anene, adangosankha kuimba nyimbo za kwaya. Anthu opita kumsika ankaima n'kufunsa kuti, "Kodi si inu munkati yanga iyo?" Iye ankavomera kuti ndi yemweyo.

Tsiku lina chakumasana, ali m'dzenjemo, adamva shapa ikuima kumsewu. Adatsika a Natália, atanenepa, chifuwa chitatheratu. Adazungulira nyumba yonse. Atafika pa msomali wa chipewa uja adaima kanthawi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka adabwera pamphepete pa dzenje.

"Wagwira ntchito, mwanawe. Dothi lake ulipondetse, lisakhale ndi mibulu."

"Amayi, ndidalakwa."

"Udalakwadi. Mtanda umodzi unkafunika, lero taona." Adatembenukira kwa Marisa. "Ana aja ayamba liti sekondale? Abwere azigona chipinda chapakhomocho. Chakhala chopanda munthu nthawi yonseyi, ndimangodikira wondipempha."

Marisa adayang'ana mwamuna wake, nyimbo ya kwaya n'kuikweza pang'ono.

Valdemar adasiya kuponda. Mtima udayamba kugawanso zipinda, poti chizolowezi sichifa msanga. "Nanga chatsopanochi, amayi, chikatha?"

"Chimenecho umange mosamala, zenera likhale loyang'ana kotulukira dzuwa. Mwini wake sakonda kuzizira."

Adaloza kumsewu. Woyendetsa shapa anali akutsitsa mtolo, thumba la nyemba ndi khasu laling'ono lakuthwa bwino. Pambali pake padaima gogo wamfupi, wowongoka ngati msungwi, akukana ndodo imene wina ankamupatsa, maso ali pa mitengo ya mapichesi kuona ngati idaduliridwa bwino.

"Amayi ati ku Lifidzi kwawatopetsa, akufuna aone za m'tauni zaka zingapo," adatero a Natália.

Valdemar adayang'ana gogoyo, n'kuyang'ana kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, n'kuyang'ana miyendo yake yomwe idazama mpaka m'mawondo. Palibe adamukankhira m'dzenjemo. Nyumba adaifuna yopanda mtanda wake, mvula adaiitana yekha, ndipo idabwera ndi katundu wake yense. Adapukuta thukuta n'kuyambanso kuponda, pakuti akulu sadaname: walira mvula, walira matope.