Fuwa M'belo la Fodya

Panali mlimi wina wa fodya kumadera a ku Dowa uko. Munthu wakhama, osati masewera. Anzake akamadzuka, iye anali atathirira kale nazale. Anzake akamapita ku bawo, iye ali m'chigafa kuyendera masamba ake. Ndipo chaka chimenecho Mulungu anamukomera mtima. Mvula inagwa bwino, fodya anatambasula masamba ngati makutu a njovu, ndipo atauma anafiira mokongola, wofewa m'manja, wonunkhira.

Inu mukudziwa, abale anga, kuti dziko lathu lino limapumira m'tsamba limeneli. Msika wa okushoni ukatsegulidwa, ngakhale amene sanagwirepo khasu amamwetulira. Mafuta a galimoto amayamba kuoneka, wogulitsa malata amalawirira kutsegula sitolo, telala amapukuta makina ake. Koma fodya akagwa mtengo, tonse timatsokomola, ngakhale ife amene sitisuta.

Mlimi uja anali m'kalabu. Iye ndi anzake a m'mudzi ankagulitsa fodya pa nambala imodzi, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: belo limodzi likapezeka ndi chinyengo, mabelo onse a kalabu abwerera kumudzi osagulidwa. Paja nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

Tsiku lodinda mabelo linafika, ndipo lole yonyamula fodya wa kalabu inali kubwera madzulo omwewo. Mabelo onse anadzaza bwino, koma lomaliza linapepuka pa sikelo. Mlimi nkhope gwa. Mwini jeke, makina aja opanira fodya, anali a Kadzamira, munthu wa pakamwa potsekemera. Anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti, "Achimwene, mukugona inu. Ikani kamwala pakati, masamba okongola pamwamba. Ndani ali ndi nthawi yofukula belo lililonse?"

Mawu aja analowa. Mlimi anayang'ana uku ndi uku, koma pabwalo panali posesedwa, popanda ndi mwala womwe. Mkazi wake, Nangondo, anali atapita ku mjigo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anazemba kulowa m'khitchini mwa mkazi wake, n'kuzula fuwa limodzi pa mafuwa atatu aja okhazikapo mphika. Analikulunga m'masamba, analiika pakati penipeni, jeke inapana, chiguduli anasoka. Ataika pa sikelo, sikelo inavomera. Mlimi anaseka yekha, kudziona wochenjera.

Nangondo atabwera, anasonkha moto kuti atereke nyemba. Koma ndani anaterekapo mphika pa mafuwa awiri? Mphika unapendekeka, madzi khuthu, moto zii. Anafunsa ana, ana sakudziwa. Anafunsa mwamuna wake, iye akuti mwina mbuzi zaligubuduza. Mbuzi, abale, kugubuduza fuwa! Mayi uja anangoyang'ana manja a mwamuna wake, akuda bii ndi mwaye. Anayang'ananso belo lomaliza lija, ndipo anamvetsa zonse.

Anayankhula motsitsa mawu, kuti a Kadzamira asamve. "Bambo a kunyumba, ngati fuwa langa likupita ku okushoni, lipite. Koma m'lole momwemo mukwera mabelo a mayi Nasimango, amene alima okha chaka chino ataika amuna awo. Akabwezedwa, mukawauza chiyani?"

Asanayankhe, lole inatulukira, fumbi kobo, hutala ikulira. Anthu a kalabu anadzaza pabwalo, akuimba, akuseka, akukweza mabelo. Mlimi uja thukuta kamukamu. Akhale chete, belo likwere, mwina lidutsa. Alitsegule, mudzi wonse uona chimene wachita. Manyazi anamugwira, mantha anamugwira. Anyamata atagwira belo lija kuti alikweze, iye anati, "Taimani. Ndipatseni mpeni."

Anadula ulusi pamaso pa onse. Anapisa dzanja, n'kutulutsa fuwa lakuda bii. Pabwalo phwete linaphulika. Wina anati fuwa limafuna likaone tauni. Woyendetsa lole anaseka mpaka kutsamira tayala. A Kadzamira anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Mlimi anabweza fuwa kwa mwini wake, anataya masamba odetsedwa ndi mwaye, anadindanso belo lake, lopepuka koma loona.

Tsopano imvani zimene zinachitika ku okushoni! Mabelo ali ndanda, mizere mpaka uko maso alekeza. Ogula akuyenda mofulumira, wogulitsa akutchula mitengo ngati akuimba. Koma sabata imeneyo ogula anali atatopa ndi miyala, ndipo analamula kuti belo lililonse lokayikitsa ling'ambidwe mpaka pakati. Kutsogolo kwa mzere anang'amba belo la kalabu ina, njerwa gubudu pansi. Mabelo awo onse anakankhidwira pambali, eni ake manja ali m'khosi.

Kenaka wogula anafika pa mabelo a kalabu ya mlimi wathu. Anadutsa loyamba, anadutsa lachiwiri, n'kudzaima pa lomaliza lija, pakuti chiguduli chake chinkaoneka kuti chasokedwa kawiri. Analoza, analing'amba. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, pamalo penipeni pamene panagona fuwa. Mlimi uja anali pomwepo, akuonerera. Wogula anazula tsamba la pakati, analitambasula, analinunkhiza, anagwedeza mutu kuvomera. Fodya wapita! Wake wapita, wa mayi Nasimango wapita, wa kalabu yonse wapita, pa mtengo wabwino. Mlimi uja analumpha ngati mwana, chipewa m'mwamba, misozi ikutsika. Atabwerera kumudzi, nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo amene ankamuseka aja ndi amene anayamba kumugwira chanza. Nangondo anatereka mphika wake pa mafuwa atatu, ndipo unakhazikika.

Abale ndi alongo, belo lija ndi moyo wako. Chiguduli chosokedwa bwino ndi suti yako ya Lamlungu, ndi chitenje chako cha chigwirizano, ndi mawu ako okoma a mu kwaya. Ife timaona zimenezo ndipo timakuombera m'manja. Koma Mulungu sagula za pamwamba. Iye amapisa dzanja mpaka pakati, ndipo amadziwa pamene panagona fuwa.

Usadzinamize kuti mwala wako ndi wako wekha. Tili pa nambala imodzi: banja lako, mpingo wako, dziko lako. Sikelo yako yonama pamsika, feteleza wako wosakaniza ndi mchenga, zimabwezetsa mabelo a mayi wamasiye amene sanalakwe kanthu.

Koma uthenga wanga lero ndi wa chimwemwe, pakuti lole sinanyamuke. Hutala ikulira, inde, koma belo likadali pabwalo ndipo mpeni ulipo. Kulapa kumachititsa manyazi, anthu akuseka ndithu. Aleke aseke. Kuli bwino kusekedwa pabwalo pano kusiyana ndi kukabwezedwa ku msika waukulu uja. Dula ulusi lero, m'bale wanga, tulutsa fuwa. Belo losokedwa kawiri Mulungu amaligula.