Chigamba cha pa Tebulo la Kambuku

Pusi, Kambuku ndi Nanzikambe ankakhala pamsika wina wa pamphambano, ndipo mlandu wawo unayambira pa nsalu. Kambuku anali ndi tebulo la pulu, masewera olasa mipira ndi ndodo kuti igwere m'mabowo, m'chisakasa cha malata kuseri kwa chigayo, la nsalu yobiriwira ngati msipu wa mvula zoyamba. Ankalikonda kuposa mawanga ake. Pusi anali namwali wamantha, ndipo mantha akewo ankathera m'manja: chilichonse chimene wagwira ankachifinya ngati wapachikika pamwamba pa phompho.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Kambuku akuwodzera pakhomo, Pusi anazemba n'kulowa kuti alaweko masewera amene ankangowaonera pazenera. Anafumbata ndodo ndi manja onse awiri, ataimira zala zakumapazi, nalasa ndi mphamvu zake zonse. Nsonga ya ndodo inaphonya mpira woyera n'kulowa m'nsalu. Kweee!

Kambuku anatsegula diso limodzi. Anadzuka mosafulumira, nayendetsa chikhadabo m'mbali mwa pong'ambikapo ngati telala. Kenako anayang'ana msana wa Pusi, nauyezanso ndi maso.

"Achemwali, musanjenjemere," anatero mwaulemu. "Nsalu ikang'ambika timaika chigamba. Ubweya wanuwu ndi wosalala, mpira uziyenda bwino."

"Pepani bwana, ndapota nanu! Ndizikuseserani muno mpaka kukalamba."

"Tsache ndili nalo. Chimene ndilibe ndi chigamba." Anaika mpira woyera kuno, wakuda kutali, pafupi ndi bowo lapakona. "Komatu ine sindine chilombo. Mulasa kamodzi. Wakudayo akalowa, mupita ndi chikopa chanu. Akakana, chikopa chitsala."

Anatuluka n'kukhala motsamira chitseko, nayamba kunola mpeni pamwala. Swee, swee. Pazenera panali zitsulo. Pusi anayang'ana tebulo lija, ndipo m'maso mwake anaona msana wake womwe atauyala n'kuukhomera misomali, mipira ikugubuduzika pamenepo, afisi akuseka n'kutsamirapo zigongono. Anafumbatanso ndodo ija ndi manja onse awiri.

"Chilape," anatero mawu ena kuchokera kudenga.

Anali Nanzikambe, nkhalamba imene inkakhala pamtanda wa chisakasacho, diso lina pa ntchentche, lina pa osewera. Ankatsika pang'onopang'ono, phazi lililonse likuyamba laganiza kaye.

"Malume, ine ndikufa, inu mukuponya zilape?"

"Chilape, mwanawe."

"Nachize," anayankha Pusi, misozi ili chuchuchu.

"Ana asanu agona chafufumimba kuti njoka iwoloke."

Pusi anayang'ana uku ndi uku, kenako anayang'ana dzanja lake. "Zala?"

"Eya. Yala dzanja lamanzere pansalupo. Tambasula anawo, chikhatho chikhale pansi, mfundo za zala zikwere pang'ono. Chala chachikulu chitsamire chamkombaphala, pakhale kangalande. Umenewo ndiwo mlatho, ndodo idutse pamenepo."

Pusi anachita zomwezo. Koma ndodo itangokhudza khungu, zala zinapindika zokha n'kuikulunga.

"Wagwiranso," anatero Nanzikambe. "Unaonapo mlatho ukugwira mwendo wa munthu wowoloka?"

"Amayi anandiuza kuti pusi akataya nthambi, wafa."

"Sananame. Koma nthambi imakunyamula iwe. Iyi ukuinyamula ndiwe."

Swee, swee, unatero mpeni panja.

Nanzikambe anatembenuzira diso limodzi pansi. "Nanga miyendoyo? Iwe ukadali muno, koma iyo yafika kale kumtengo. Ponda zidendene. Wamanja uwongoke kumbuyo, wamanzere upindike pang'ono kutsogolo. Mchirawo utsike, si mbendera."

Pusi anaponda. Simenti inali yozizira, ndipo anazindikira kuti chibadwire sanaimepo ndi phazi lonse pamalo pamene pali mdani. Anawerama mpaka chibwano chinatsala pang'ono kukhudza ndodo. Mwadzidzidzi mipira iwiri ija ndi bowo zinaoneka zitandandalika ngati mikanda pa ulusi umodzi.

"Tsopano dzanja lamanjalo," anatero Nanzikambe. "Gwira ngati wanyamula dzira la njiwa. Lisagwe, lisasweke."

"Malume, ndikalekerera ndodo iterereka."

"Ukaifinya ikhota. Sankha."

Panja panati zii. Kunola kuja kunali kowopsa, koma kusiya kwake kunaposa. Nanzikambe anasanduka mtundu wa dzimbiri, nazimiririka pakhoma la malata ngati sanakhalepo.

Kambuku analowa osavutika n'kutseka chitseko. Anaika mpeni m'mphepete mwa tebulo, nakaima pakona ija, nkhope yake pamwamba penipeni pa bowo. Kuti Pusi aone mpira wakuda, anayenera kuonanso mano. Fungo la nyama yadzulo linadutsa tebulo lonse n'kumufika m'mphuno.

"Musafulumire, achemwali," anatero Kambuku. "Mpeni sutopa kudikira."

Pusi anayala dzanja lamanzere pafupi ndi pong'ambika paja. Zala zinafuna kupindika, iye anazikanikiza pansalu. Zidendene zinafuna kunyamuka, anazibweza. Dzanja lamanja lokha ndilo analisiya lofewa, ndipo ndodo inayenda m'kangalande kaja kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, mwakachetechete.

Analasa osakalipa. Mpira woyera unayenda ngati ukupita kumaliro, nukagunda wakuda. Tcha! Wakuda unagubuduzika mpaka pamlomo wa bowo, unaima ngati ukufunsa njira, kenako unagwera m'kati. Gu!

"Mwalasa bwino," anatero Kambuku, mawu ake akadali aulemu. "Koma nsalu yanga ikadali yong'ambika."

Asanamalize n'komwe, anatambasula dzanja kudutsa tebulo, nagwira nsonga ya ndodo n'kuikoka ndi mphamvu zonse. Apusi ankawadziwa bwino: ukakoka chimene agwira, amabwera nacho limodzi. Koma ndodo inapulumuka m'dzanja la Pusi, nidutsa pamlatho paja yokha. Pusi sanadzandire n'komwe, poti mapazi ake anali atagwira pansi.

Kambuku anagwa chagada ndi ndodo yakeyo, mutu n'kumenya malata, chisakasa chonse n'kulira ngati bingu. Pamene ankadzuka, pakhomo panali fumbi lokha. Pusi anali ali kale pansonga ya mtengo wa mbawa kutsidya kwa msewu, akudzipapasa msana, khosi ndi mchira kuti aone ngati zonse zilipo. Zinalipo.

Tebulo lija Kambuku analisoka ndi chiguduli cha thumba la feteleza. Mpira uliwonse ukafika pamenepo unkakhota, ndipo osewera anasamukira kwina mmodzimmodzi mpaka m'chisakasamo munamera udzu.

Phunziro: Mantha amati finya, koma si zonse zimene zimasungika pofinya. Dzanja lapansi likhazikike, mapazi aponde nthaka, ndipo chimene uli nacho m'manja uchigwire mofewa. Wogwira mofewa amalasa mowongoka, ndipo mdani akakoka, amapita ndi ndodo yokha.