Maungu a Patsinde pa Mkuyu

Kalekale, ana inu ndi inu akuluakulu, mvula inakana kugwa, madambo onse n'kuuma gwa. Nyama zinagwirizana zokumba chitsime, ndipo Mvuu, poti ndiye wamkulu thupi, anadziika yekha pa ukapitawo.

Analoza pakamtunda ka miyala, pomwe panali mthunzi woti iye azigonapo. "Kumbani apa."

Nyama zinakumba, kukumba, kukumba. Makasu ankangolira ngwee, ngwee, madzi osaoneka. Chakudya cha antchito Mvuu ankadya yekha, ati kuganiza kumatopetsa kuposa khasu.

Pakati pa antchitowo panali Sakhwi, kambewa kamphuno yaitali kaja. Mphuno yakeyo inkamva chinyontho kumunsi, patsinde pa mkuyu. Koma akayang'ana anzake, onse ali jijirijijiri kukumba, ankangoti mumtima, "Kapena wopusa ndine."

Tsiku lina ananong'oneza Njiri. "Achimwene, apa madzi alipo?"

"Apa? Ngakhale dontho. Ali kumkuyu. Komatu ndimayesa ndikuganiza choncho ndine ndekha."

Anafunsa Nungu, yankho lomwelo. Anafunsa Mfuko, lomwelonso. Aliyense ankadziwa, aliyense ankaopa kuoneka chitsiru.

Sakhwi analimba mtima, napita kumthunzi kuja. "Bwana, bwanji tikayeseko kumkuyu?"

"Dzenje lonseli tilisiye? Thukuta langa lipite pachabe?" anatero Mvuu, yemwe sanagwireko khasu n'kamodzi komwe. "Kakumbe, iwe."

Sakhwi anabwerera mphuno ili zyoli. Akukumba choncho, anazindikira kuti kwa Mvuu mawu salowera kukhutu, amalowera kumimba.

M'mawa mwake anadutsa pafupi ndi mthunzi uja akunyambita milomo, n'kunong'oneza Njiri mokweza dala. "Maungu aja tinakwirira patsinde pa mkuyu, abwana asamve."

Mvuu makutu tcheru. "Wati chiyani?"

"Palibe, bwana. Koma chonde, kumkuyu kokha musatitumeko."

"Nonse kumkuyu! Zimenezi ndaganiza ndekha."

Nyama zinakumba, kukumba, kukumba, tsopano zikuimba.

"Maungu ali kuti?" anafunsa Mvuu.

"Pansi pang'ono, bwana."

Zinakumbanso.

"Maungu ali kuti?"

"Pansi pang'ono, bwana."

Poopa kuti wina amudyera, Mvuu anakankha onse, n'kulowa yekha m'dzenjemo, n'kumafukula ndi mano ake akuluakulu aja. Dothi linayamba kuda, kenaka matope, kenaka madzi phuu, mpaka kusefukira m'dambo.

Nyama zinamwa mpaka mimba tuu. Mvuu anatulutsa mutu, matope ali m'maso momwe. "Ine ndinkadziwa kale kuti madzi ali pano. Nanga maungu aja?"

"Amira, bwana," anatero Sakhwi mwaulemu.

Mvuu anamira chubwi. Mpaka lero amavuuka, kupuma fuu, n'kumiranso, akufunafunabe maungu aja. Za ukapitawo analibe nazonso nthawi.

Antchito aja analima dimba m'mbali mwa madziwo. Asanagwire makasu ankayamba akhala pansi, aliyense n'kunena chomwe waona, ngakhale wamng'onong'ono, ndipo chaka chimenecho palibe anagona ndi njala.

Nthano yanga yathera m'madzi momwemo, kaphuleni mbatata zisanapserere. Koma inu opita kuntchito mawa, chinthu chikakukayikitsani, mufunseko mnzanu wapambali, mwina nayenso chamukhala pakhosi. Ndipo inu akapitawo muli panowa, musanalamule, yambani mwamvetsera kuti chikulankhula mwa inu ndi mutu kapena ndi mimba.